Mayi Timitengo ndi Kadontho

Munthu akakuuzani kuti kalasi yachisanu anaphunzira pa sukulu ija ya kuseri kwa msika, musavutike kumufunsa dzina la amene ankamuphunzitsa masamu, chifukwa salikumbuka. Angoti, "Mayi Timitengo," ndipo mumuona akuwongola msana pang'ono ngati mayiwo aima kumbuyo kwake. Dzinali linachokera m'katoni ya sopo imene inkakhala pansi pa tebulo lawo. M'katonimo munali timitengo tosema bwino, totalika ngati pensulo. Tina tinali patokhapatokha, tina tomanga khumikhumi ndi mphira, ndipo mitolo ya mphira ikakwana khumi ankaimanga pamodzi ndi chingwe chofiira. Ndi timitengo timeneti mayiwa anaphunzitsa ana kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa kwa zaka makumi atatu kuchotsapo chimodzi.

Kuphunzitsa ankakutha, pamenepo tisanamizane. Mwana amene ankalengeza misozi akaona 403 kuchotsera 178 ankamuitanira pa tebulo, n'kumuuza kuti amasule yekha mtolo wa chingwe chofiira, kenako wa mphira, mpaka aone ndi maso ake kumene kubwereka kumachokera. Sankamenya mwana. Ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo zinkakwanira. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ana ankalinena mokweza tsiku loyamba la chaka: kamtengo sikathyoledwa. Wothyola ankasesa m'kalasi sabata yathunthu, n'kubweretsa kena kosema yekha. Makolo ankachita kupita ku ofesi kukachonderera kuti mwana wawo akakhale kwa Mayi Timitengo, asamutayire m'chipinda chinacho.

M'chipinda chinacho munali Bambo Jekete. Jekete yake inali imodzi, yofiirira, ndipo ankaivala kutenthe kuzizire. Anali munthu wabwino, wa mawu apansipansi, amene ana ankamusokosera ngati mulibe mphunzitsi. Aphunzitsi akamawerengana kuti akonze mipando ya msonkhano, nthawi zonse mpando umodzi unkaperewera, kenako wina ankati, "Aa, paja pali a Jekete." Iwo ankangomwetulira n'kukatenga wawo okha.

Awiriwa anali ndi kachitidwe kawo. Chaka chilichonse, teremu yachiwiri, buku likafika pa mutu wa madesimolo, manambala aja okhala ndi kadontho pakati, Mayi Timitengo ankapita nthawi ya buleki kukagogoda pa chitseko cha anzawo.

"Achimwene, maso anga aja ayambanso. Timadontho timeneti sindikutiona bwino pa bolodi."

"Musadandaule, mayi. Ndibwera."

Kwa masabata atatu ankasinthana zipinda pa ola la masamu. A Jekete ankaphunzitsa madesimolo uku ndi uko, n'kuchonganso makope ake, pamene mayiwa ankawongola ana a m'chipinda chinacho pa kugawa manambala aakulu. Mutuwo ukatha, aliyense ankabwerera kwake mpaka chaka chamawa.

Koma maso amenewo ankaona mwana akutafuna chingamu pa desiki yomalizira. Vuto silinali maso ayi. Mayi Timitengo madesimolo sankawadziwa, ndipo ankawaopa kuposa njoka. Ali mtsikana wa kalasi yachisanu yomweyo anajomba teremu yathunthu akudwazika mayi awo. Tsiku limene anabwerera, mphunzitsi anawaitanira kutsogolo, n'kulemba 0.5 ndi 0.25, n'kufunsa kuti yaikulu ndi iti. Kamtsikanako kanaloza 0.25 molimba mtima, poti ndani sadziwa kuti 25 imaposa 5? Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo mphunzitsi anakagwaditsa pakona mpaka belu litalira, osakauza n'komwe pamene kalakwitsa. Kuyambira tsikulo kakaona kadontho mutu unkaima. Pa mayeso onse, mpaka a ku koleji ya aphunzitsi, funso la kadontho ankalidumpha, ena onsewo n'kukhoza bwinobwino moti palibe anafunsapo. Kwa telala ankati mita ndi hafu. Pa sikelo ya ku chipatala ankawerenga za kumanzere zokha, za kumanjazo n'kusiyira anesi. Amati safunsa anadya phula, ndipo iwo mwambiwu ankauponyera ana kawirikawiri. Koma munthu akatchuka ndi chinthu, kufunsa za chinthu chomwecho kumalemera chaka ndi chaka.

Lachitatu lina, kutatsala masiku ochepa kuti akagogode, kunamveka kukuwa kwa ana m'chipinda chinacho. Sikunali kusokosa kwa masiku onse. Mayi Timitengo anathamangira komweko n'kupeza a Jekete ali pansi pa bolodi, choko chili m'manja, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Inali sitiroko. Anawanyamulira m'galimoto ya kholo lina, mayiwa atawagwirira mutu mpaka pa geti. Galimoto itapita mayiwa anaima pomwepo, ndipo anadabwa okha ndi zimene zinali m'mutu mwawo. Chisoni chinalipo ndithu, koma pamwamba pa chisonicho panakhala tsamba 87 la buku la masamu. Anadziona ngati munthu woipa, ndipo mwina tsiku limenelo analidi.

Lachisanu a hedi analengeza kuti mphunzitsi wina sapezeka msanga, choncho makalasi awiriwo aphatikizidwa. Ana zana limodzi ndi khumi, chipinda chimodzi, ndipo Lolemba ayamba madesimolo.

Loweruka mayiwa anatseka chitseko cha kunyumba dzuwa likuswa mtengo, n'kutsegula buku pa tebulo lodyera. Anaganiza zoloweza malamulo monga mwana waulesi. Apa buku likuti sunthirani kadontho kumanja kawiri. Tsamba lotsatira likuti kumanzere kamodzi. Chifukwa chake silikunena, kapena likunena koma iwo sakumva. Anayesa 0.3 kuchulukitsa ndi 0.2, anapeza 0.6, koma kumapeto kwa buku yankho linali 0.06. Kuchulukitsa kwanji kumene kumachepetsa chinthu? Anatuluka thukuta ngati akulima. Ankadziwa bwino kuti pa ana zana limodzi ndi khumi sipangalephere kupezeka kamodzi kokweza dzanja n'kufunsa kuti chifukwa chiyani, poti anawazoloweretsa okha kufunsa choncho. Lamlungu masana anatseka bukulo, n'kutenga pepala loyera, n'kulemba kalata yopempha kupuma pa ntchito nthawi isanakwane, chifukwa cha maso. Anaona kuti kuli bwino kuchoka dzina lisanaipe kusiyana n'kukagwaditsidwa kachiwiri ali ndi imvi.

Lolemba analawirira ku ofesi ana asanayambe kufola. A hedi anali mayi wa zaka za m'ma 40, amene kale ankakhala pa desiki yachiwiri m'kalasi mwa Mayi Timitengo momwemo, ndipo mpaka pano ankaimirira mayiwa akalowa. Anawapatsa mpando, anawathirira tiyi, kenako anawerenga kalatayo kawiri. Anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa mbale ya shuga.

"Aphunzitsi," anatero a hedi motsitsa mawu, "ndi za kadontho zija?"

Mayi Timitengo anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana.

"Mukuti chiyani, a hedi?"

"Pepani. Ndikuti timadziwa."

"Mumadziwa chiyani? Inu ndi ndani?"

A hedi anayang'ana pa windo, kenako pansi. "Tonse, aphunzitsi. A hedi amene anapuma aja anandiuza tsiku londipatsa makiyi. Nawonso anauzidwa ndi amene analipo iwo asanabwere. Mukuona ngati zimangochitika mwangozi kuti masamu anu ndi a Bambo Jekete amakhala ola limodzi chaka chilichonse? Polemba ndandanda ya maphunziro timayambira pamenepo, zina zonse n'kumazungulira."

"Aphunzitsi anzanga?"

"Eya."

"Nanga ana?"

A hedi anazengereza, koma anali ataphunzitsidwa kuyankha funso lonse. "Amauzana. Wamkulu amauza mng'ono wake asanafike n'komwe kalasi yachisanu. Ifeyo chaka chathu tinakuyesani. Munalemba 365 pa bolodi n'kutuluka, ndiye mnyamata wina anakaika kadontho pakati pa 6 ndi 5. Mutabwera munaima, kenako munakafufuta ndi chigongono mukuyang'ana kwina. Tinaona tonse."

Mayiwa tsiku limenelo ankalikumbuka, ndipo zaka zonsezi ankadzitama mumtima kuti anachenjera. Nkhope zinayamba kudutsa m'maso mwawo: makolo ochonderera aja, ambiri a iwo ana awo akale, aphunzitsi amene ankafunsa mwachifundo kuti maso ali bwanji, wina mpaka anawabweretsera mankhwala odonthezera. Chinsinsi chimene anachisenza kuyambira ali mtsikana, chimene chinkawasowetsa mtendere teremu yachiwiri iliyonse, chinali nkhani yodziwa ngakhale wogulitsa maswiti pa geti. Manyazi anabwera poyamba. Kenako kunabwera mkwiyo, ndipo ulemu wa mu ofesi unathera pomwepo.

"Ndiye iwe, mwana amene ndinakuphunzitsa kugwira pensulo bwino, umangondiyang'ana? Nonsenu mumangondiyang'ana?"

"Timakupatsani ulemu, aphunzitsi. Akanayamba ndani?"

Ulemu umenewo ine ndimadana nawo. Ndi uja woona munthu wamkulu akuyenda pa msewu siketi itang'ambika kumbuyo, aliyense n'kumupatsa moni wogwada, osapezeka womunong'oneza. Anthu a pa sukulupo ankawakondadi mayiwa, koma anawakonda mowasiya mu mdima, ndipo ankagona tulo tabwino poganiza kuti achita zachifundo.

A hedi sanadziteteze. Anatuluka, n'kubwera atanyamula katoni ya sopo ija, n'kutseka chitseko. Anayala pa tebulo mtolo wa chingwe chofiira, kumanja kwake mtolo wa mphira, kumanja kwakenso kamtengo kamodzi.

"Ndikamasula uwu ndipeza chiyani?"

"Usandiyese mwana."

"Chonde, aphunzitsi."

"Mitolo khumi ya mphira."

"Ndikamasula wa mphira?"

"Timitengo khumi."

"Nanga ndikamasula aka?" A hedi ananyamula kamtengo kamodzi kaja.

"Ako sikamasulidwa. Ndi pothera."

A hedi anatsegula dirowa, anatulutsa kampeni kosongolera mapensulo, n'kugoneka kamtengoko pa buku la mayina. Mayi Timitengo anatambasula dzanja kuti aletse, koma mpeni unali utalowa kale. Anadula kamodzi, kawiri, mpaka pa tebulo panagona tizidutswa khumi tofanana. Kenako anatola njere ya shuga yonenepa n'kuiika pakati, timitengo tathunthu kumanzere, tizidutswa kumanja.

"Kadontho ndi aka. Sikachita kanthu. Kamangonena kuti zathunthu zathera apa, kuyambira apa ndi zodula. Khumi ta uku timapanga kamodzi ka uko, monga mmene munkatiuzira inu."

Anatenga kachidutswa kamodzi n'kukabenthula movutikira kukhala tinyenyeswa khumi, n'kutiika kumanja kwenikweni. Mbali ina ya tebulo anaika tizidutswa tisanu. Mbali inayo anaika tizidutswa tiwiri ndi tinyenyeswa tisanu.

"Iyi ndi 0.5. Iyi ndi 0.25."

Mayi Timitengo anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya bulauzi, anawavalanso. Milu iwiriyo sinasinthe. Wina unali hafu ya kamtengo, winawo kota, zinthu zimene ankazidziwa kuyambira asanayambe sukulu. Anasuntha kachidutswa kamodzi ndi chala, kenako anakabwezera.

"Basi?"

"Basi, aphunzitsi."

"Palibe china chimene ukundibisira?"

"Za kuchulukitsa zija tidzakhala pansi masana awiri kapena atatu. Koma nkhani yake ndi yomweyi."

Mayi Timitengo anagwira kapu ya tiyi, ndipo anapeza tiyiyo akadali wotentha. Apa ndi pamene analira. Sanalire chifukwa cha manyazi kapena kuthokoza. Analira chifukwa chinthu chimene chinawathamangitsa moyo wonse chinali chaching'ono chonchi, ndipo chinali m'katoni yawo yomwe, pansi pa tebulo lawo lomwe, chikuletsedwa ndi lamulo lawo lomwe. A hedi anaima pa windo atawafulatira mpaka belu litalira.

Kalata ija inatsala pansi pa mbale ya shuga. Mayiwa analowa m'kalasi ana atadzaza mpaka m'mawindo, ena atatu pa desiki ya awiri, ena pansi. Sanapereke moni wautali. Ananyamula kamtengo kuti onse akaone, n'kutulutsa mpeni. Atadula koyamba, m'chipindamo munamveka mpweya wokokera mkati, ndipo mtsikana wina wa kutsogolo anagwira pakamwa. Phunzirolo silinayende bwino kwenikweni. Anasokoneza kawiri, ndipo kachiwiriko anatembenuka n'kunena kuti, "Dikirani, apa ndalakwitsa ine," mawu amene makoma a chipindacho anali asanawamvepo. Palibe anaseka. Pofika Lachisanu pansi ponse panali tizidutswa ta mitengo, ndipo osesa ankadandaula.

Patatha masabata awiri a Jekete anatuluka m'chipatala. Mayi Timitengo anapita kukawaona Loweruka masana, atachita kufunsira njira kwa a hedi, poti kunyumbako anali asanafikeko. Akazi awo a Jekete anawalandira, anawalowetsa pa balaza, n'kubwerera kuseri kumene ankachapa. Wodwalayo anali pa mpando pafupi ndi windo, dzanja lamanja litagona pa pilo ngati si lawo. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, olemera, koma omveka.

Anafunsana za thupi, za mankhwala, za ana. Kenako mayiwa ananena kuti madesimolo akuphunzitsa okha, ndipo afika pa kuchotsera.

"Ndamva," anatero a Jekete. "Akuti mukudula timitengo."

"Achimwene, ndikufunseni. Inunso munkadziwa?"

"Chaka choyamba chomwe."

Mayiwa ankayembekezera yankho limenelo, komabe linawalasa. "Enawo akuti ankachita ulemu, ankaopa kuyamba. Koma inu tinkaonana awiri. Munkaphunzitsa ana a zaka khumi zimenezi chaka ndi chaka. Ine zanditengera mphindi makumi awiri."

"Ine ndikanatha khumi ndi zisanu. Inu mumamva msanga."

"Nanga bwanji simunandikhazike pansi?"

Kuseri kunkamveka madzi akukhuthulidwa m'beseni. A Jekete anapukuta pakamwa ndi dzanja lamanzere, ndipo poyankha sanayang'ane kumbali.

"Ndinkafuna. Chaka chilichonse ndinkati chaka chino ndiwauza. Koma mayi, pa sukulu paja ine ndinali ndani? Masabata atatu amenewo ndinkalowa m'kalasi mwanu, ana ali phee, akulemba zimene ndikunena. Ndinkamva ngati mphunzitsi. Ndipo inu, amene makolo amakulimbiranani, munkabwera pa chitseko changa n'kundipempha." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Ndinakulakwirani, ndikudziwa. Koma mukanadziwa kadontho, mukanagogodanso?"

Mayi Timitengo anali atabwera ndi mlandu m'manja, wokonzakonza m'njira yonse, ndipo unali mlandu woona: munthu uyu anawasunga mu umbuli dala, kuti iye apezepo pokhalira. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti inde, akanagogoda bwanji osagogoda, poti ndi zimene munthu amauza wodwala. Koma moyo wawo wonse sanalolepo mwana kutchula yankho asanawerengere, ndiye anawerengera. Anabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, makumi atatu kuchotsapo chimodzi, kufunafuna tsiku limene anagogoda pa chitseko chija, chotalikirana ndi chawo mapazi asanu, popanda chowatuma cha madesimolo. Kukabwereka choko kaya, kukafunsa za mwana wodwala, kapena kungoti mwadzuka bwanji.

A Jekete ankadikira moleza mtima, monga ankadikirira ana ochedwa kumaliza. Mayiwa anawerengera kachiwiri, kuopa kuti mwina adumpha penapake, koma sanapeze ngakhale tsiku limodzi.